FUNSANI MALUME: Mwana akayamba kutengeka ndi za zigawenga, wapolisi wa mdera angathandize kapena angowonjezera moto?

Malume, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala chakuno ku Namwera. Mwana wanga wachiwiri wa zaka 19 wasintha kwambiri chiyambireni kucheza ndi anyamata ena omwe anadziwana nawo pa WhatsApp. Kumzikiti kwathu anasiya kupita akuti ashehe athu ndi ogulidwa ndi boma, mlongo wake akumuletsa kupita kusukulu, ndiye pano akuti pali munthu wamulonjeza ntchito ya nsomba ku Mozambique ndipo transipoti amutumizira pa foni. Pali wapolisi wina amabwerabwera kumisonkhano ya chitetezo kwa amfumu, anthu akuti ndikamuuze koma ine mantha, si ndimupereka ndekha mwana wanga kundende? Mayi wosowa tulo, Namwera

Mayi pepani kwambiri, ndipo mwachita bwino kulemba mwanayo asanakwere galimoto. Ndiyambe ndi mantha anuwo. Kusiya mzikiti wa makolo si mlandu, kukangana ndi ashehe si mlandu, ndi mwano chabe ndipo palibe khothi lomwe limamanga munthu chifukwa cha mwano, ndiye pa zomwe mwalembazi sindikuona chomutsekera. Zomwe zandiimitsa mutu ine ndi ziwiri, zoletsa mlongo wake sukuluzo ndi ntchito ya kutsidya yomwe bwana wake sakudziwika koma transipoti ikungobwera yokha pa foni ngati mvula.

Ndikuuzeni chifukwa chake. Nkhondo ya ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, inayamba pa 5 Okutobala 2017 pomwe gulu la anyamata linaukira malo a polisi mtauni ya Mocímboa da Praia. Dziko lonse linadabwa koma anthu akumeneko ayi, iwo anali akuwaona anyamatawo kwa zaka ndithu, akulowa mumzikiti nsapato zili kuphazi mipeni ili mchiuno, akunyoza ashehe achikulire kuti ndi a boma, akuuza makolo kuti ana asapite kusukulu za boma, ndipo amene anayamba kukadandaula kwa akuluakulu a boma anali atsogoleri achisilamu eni akewo osati munthu wina wakunja. Boma silinaitenge nkhaniyo ndi mphamvu, linkaiona ngati mkangano wa mumzikiti basi. Chotsatira chake doko la Mocímboa linagwa mmanja mwa zigawengazo mu Ogasiti 2020, tauni ya Palma inaukiridwa mu Malichi 2021 mpaka kampani ya TotalEnergies kuimitsa ntchito yake ya gasi ya madola 20 biliyoni, asilikali a Rwanda ndi a SADC kubwera chaka chomwecho, anthu oposa 1 miliyoni kuthawa mmakomo mwawo. Zonsezo pachiyambi inali nkhani yoti wapolisi wa patauni, shehe ndi mfumu akanatha kuikhalira pansi.

Ndipo anyamata ambiri sanalowe atauzidwa kuti tiyeni tikaphe anthu ayi. Ankalonjezedwa ntchito, ena ngongole yoyambira geni, ena maphunziro a chipembedzo kunja, munthu nkudzazindikira ali kale kutchire kopanda pobwerera. Kumapeto kwa 2021 zigawengazo zinafika mpaka mboma la Mecula mchigawo cha Niassa, chomwecho chimene mumalowa mukadutsa pa Chiponde kupita ku Mandimba. Mecula ndi kutali ndi Mandimba, musachite kusamuka, koma chigawo nchimodzi.

Sindikunena kuti mwana wanu akupita kumeneko. Mwina ndi ozembetsa anthu wamba, omwe lamulo lathu la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limawalanga, mwinanso ntchitoyo ndi yeniyeni. Mufunseni bwinobwino osakalipa: bwanayo dzina lake ndani, malowo ndi mudzi uti, alipo wakwathu kuno amene akugwira kale kumeneko tiyankhule naye, udutsa pa boda ndi mapepala kapena njira yachidule. Ntchito yoona mafunso amenewa imayankha yonse. Mukamva zoti "anatiuza tisauze munthu" dziwani kuti zavuta.

Tsono za wapolisiyo. Ine ndikuti pitani, koma musapite nokha komanso musayambire kusitesheni pa kauntala pomwe aliyense wobwera ndi mlandu wa mbuzi akumvera. Tengani malume ake a mwanayo, muwauze amfumu, ngati ashehe ndi munthu wosunga chinsinsi akhalepo, mupemphe wapolisi amene mumamudziwa nkhopeyo kuti mukumane kwa amfumu popanda galimoto ya polisi. Mumuuze poyera kuti mwabwera kudzapulumutsa mwana osati kudzamusumira. Musafufute mameseji, nambala yomwe ikutumiza ndalamayo muilembe papepala. Apa ndi pomwe wapolisi wa mdera amaposera ife tonse, inu mukudziwa za mwana wanu mmodzi koma iye akhoza kukhala atamva kale nambala yomweyo kwa mayi wina mudzi wachitatu, ndipo ndi amene angafikitse nkhani kwa anzake a pa boda ndi kwa akuluakulu ake kuti osakidwa akhale wolemba anthu ntchitoyo osati mwana wanu. Mukaona kuti simukumvana naye, pa polisi pali ofesi ya Victim Support Unit, kumeneko nkhani za mbanja amazizolowera. Ndipo zitati zapotoka mwana nkutengedwa, malamulo a dziko lino akuti afike kukhothi pasanathe maola 48, belo ya kupolisi ndi yaulere, wina asakuuzeni za kangachepe.

Chinanso mayi, musasiye kumuyankhula ngakhale akukuyankhani zopweteka. Omukopawo chomwe akufuna nchoti adane ndi aliyense wa pakhomo kuti atsale ndi iwo okha, ndiye mukamuthamangitsa mwawagwirira ntchito.

Malume ine ndi wapampando wa komiti ya chitetezo cha mmudzi kuno ku Machinga. Kumsonkhano wina anatiuza kuti tikhale maso pa nkhani za zigawenga. Koma ife zida zathu ndi tochi, wezulo ndi chibonga basi, malipiro palibe. Anzanga ena akuti tiyambe kulemba maina a onse osunga ndevu zazitali ndi alendo olankhula Chiswahili tizikapereka kupolisi. Tiyambe? Wapampando, Machinga

Ayi bambo wapampando, musayambe, ndipo amene anabweretsa ganizolo mumuuze kuti Malume akana. Ku Machinga mukalemba a ndevu mulemba theka la mudzi kuphatikizapo apongozi anu, ndipo tsiku lomwe anthu adzadziwe kuti pali kope lotero ndi tsiku lomwe adzasiye kukuuzani chilichonse, ngakhale za wakuba nkhuku.

Onani zomwe zinachitika ku Kenya. Zigawenga za al-Shabaab zitapha anthu 67 pa sitolo zazikulu za Westgate ku Nairobi mu Seputembala 2013, boma linayambitsa ndondomeko ya Nyumba Kumi, yoti nyumba khumi zilizonse zizidziwana ndi kudziwa mlendo walowa. Ganizo labwinobwino, anatengera kwa anzawo a ku Tanzania. Koma mu Epulo 2014 apolisi omwewo anachita chipikisheni mdera la Eastleigh ku Nairobi komweko, kugwira anthu a mtundu wa Chisomali miyandamiyanda nkukawasunga pa bwalo la zamasewero la Kasarani, olakwa ndi osalakwa omwe. Ndiye tangoganizani, dzulo mwanditsekera pa sitediyamu chifukwa cha nkhope yanga, lero mukuti ndizikutsinani khutu? Chaka chotsatira pa 2 Epulo 2015 anthu 148 anaphedwa ndi zigawenga zomwezo pa yunivesite ya Garissa, ndipo mmodzi mwa ophawo anali mnyamata wophunzira zamalamulo, mwana wa mfumu ya boma ku Mandera, bambo ake anali atanena kale kwa akuluakulu kuti mwana wawo wasowa. Mwaona pamenepo, uthenga unachokera kwa kholo, osati pa rodibuloko, ndipo mnyamatayo sanali mbuli kapena mmphawi monga timaganizira.

Maiko omwe zinthu zimayendako bwinoko anatenga njira ina. Ku Netherlands lamulo limati pa anthu 5,000 alionse pakhale wapolisi mmodzi wa mdera, ntchito yake yaikulu ndi kudziwika, kuyenda wapansi kapena pa njinga, kulowa msukulu, mmizikiti, mmashopu, kuti tsiku lomwe mphunzitsi waona mwana akusintha akhale ndi munthu womuimbira amene amadziwana naye kale. Ku Aarhus mdziko la Denmark apolisi amagwira limodzi ndi sukulu ndi a zachisamaliro cha anthu, anyamata pafupifupi 30 atapita kunkhondo ya ku Syria cha mma 2013 iwo anayamba kuitana anyamata ndi makolo awo kudzacheza, kuwapezera munthu wamkulu wowalangiza, kuwabwezera kusukulu kapena kuntchito, ndipo anakakhala pansi ndi akuluakulu a mzikiti womwe ambiri mwa anyamatawo ankapempherako. Chaka chotsatira opita anachepa kwambiri. Ena amati njirayo ndi yolera zigawenga, ine ndimati bola imeneyo kusiyana ndi sitediyamu. Komanso tisanamizane, kumeneko kuli ndalama, kwathu kuno wapolisi mmodzi amayang'anira dera la mfumu yaikulu lonse njinga yamoto ilibe mafuta.

Ndiye inu ndi tochi yanuyo mungatani? Zambiri. Inu mumadziwa mnyamata amene wasowa mmudzi miyezi itatu makolo ake osadziwa komwe ali, mumadziwa munthu amene wabwera nkuyamba kugawa ndalama za geni kwa achinyamata okhaokha nkumawasonkhanitsa usiku kwaokha, mumamva amene akulankhula poyera zoti akuti ndi akuti ndi oyenera kuphedwa. Zimenezo ndi zochita za munthu, osati ndevu zake kapena chilankhulo chake, ndipo ndi zomwe mungamuuze wapolisi woona za chitetezo cha mmudzi. Mlendo kukaonekera kwa amfumu ndi mwambo wathu wakalekale, upitirire, koma ukhale wa mlendo aliyense, mbusa wa tenti ndi wogula nandolo yemwe.

Zomwe musachite: kumenya, kuweruza mlandu nokha, kufufuza mfoni mwa munthu, kulipiritsa. Chibongacho ndi cha agalu a usiku. Ndipo ngati muli ndi mwayi wolankhula ndi mkulu wa polisi wa dera lanu mupempheni chinthu chimodzi, asamasinthesinthe wapolisi wa mderayo, chifukwa munthu akangoyamba kudziwa maina a mafumu ndi ashehe kalata ya transifa yafika, wina kudzayambanso pa ziro.

Malume moni kuchokera ku Leicester. Mwana wanga wa zaka 14 analemba zinazake pa kompyuta ya kusukulu zokhudza nkhondo ya ku Gaza, ndiye asukulu andiitana akuti amutumiza ku Prevent ndipo kubwera wapolisi kunyumba. Mapepala athu ali bwino koma mtima suli mmalo, kodi zimenezi sizitionongera viza? Bambo wa ku Leicester

Achimwene khazikani mtima pansi kaye. Prevent ndi ndondomeko ya boma la Britain yoletsa anthu kulowa zauchigawenga, ndipo kuyambira 2015 lamulo limakakamiza sukulu, zipatala ndi makhonsolo kukhala tcheru ndi kuchitapo kanthu akaona zokayikitsa, ndiye aphunzitsi ambiri amatumiza msanga poopa kuti akapanda kutero mlandu ukhala wawo. Mchaka chothera Malichi 2024 anthu otumizidwa anali pafupifupi 7,000 koma omwe anafika pothandizidwa ndi gawo lotchedwa Channel anali cha mma 500 okha, ena onsewo nkhani inathera panjira kapena anatumizidwa kwina monga kwa a zaumoyo. Komanso si za Asilamu okha monga ambiri amaganizira, zaka zaposachedwazi otumizidwa chifukwa cha maganizo odana ndi anthu obwera ndi akuda akhala akuposa a nkhani zachisilamu.

Kutumizidwa ku Prevent si kumangidwa ndipo si mlandu wa kukhothi, Channel munthu amalowa mwakufuna kwake ndipo kwa mwana ngati wanuyo pamafunika chilolezo cha inu kholo. Koma ndisakunamizeni kuti palibe chotsalira, dzina limakhala mmakompyuta a polisi kwa zaka zingapo ndipo ichi nchimodzi mwa zomwe mabungwe omenyera ufulu kumeneko amadandaula nazo. Za vizazo funsani loya woona za anthu olowa mdziko, musadalire za mgulupu ya Amalawi ya pa WhatsApp pomwe aliyense ndi loya.

Wapolisiyo akabwera mulandireni, mufunse dzina ndi nambala yake, mufunse ngati ndi wa timu ya mdera lanu kapena wa nthambi yolimbana ndi zigawenga chifukwa ndi anthu osiyana, mupemphe kuona zenizeni zomwe mwana analembazo, ndipo mwana asafunsidwe inu palibe. Kumva chisoni ndi ana akufa kunkhondo si uchigawenga, mwana wa zaka 14 amene sakhudzidwa ndi zimenezo ndiye ndingamudere nkhawa. Koma inunso khalani naye pansi muone mavidiyo omwe akuonera ndi anthu omwe akucheza nawo pa intaneti, ife makolo a kunja timagwira mashifiti awiriawiri mwana nkumaleredwa ndi foni.

Malume nkhani zoterezi zikangoyamba mumathamangira Asilamu. Ife tatopa nazo. Bwanji simunena za ena? Wokwiya, Mangochi

Kukwiya kwanu nkomveka achimwene, ndipo ku Cabo Delgado komweko ophedwa ndi othawa ambirimbiri ndi Asilamu, oyamba kuchenjeza analinso Asilamu. Tiyeni tinene za enawo.

Ku Kenya mu 2023 mnkhalango ya Shakahola anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu a mpingo wa Paul Mackenzie omwe anauzidwa kuti asale kudya mpaka kufa kuti akakumane ndi Yesu, ana ambiri ali momwemo, ndipo mkuluyu anali atagwidwapo kale mmbuyomo pa nkhani yoletsa ana sukulu nkutulutsidwa. Kwathu konkuno mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inazungulira Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anyamata kutseka misewu nkumasecha galimoto, anthu osachepera 9 kuphedwa popanda umboni ndi umodzi womwe, a United Nations mpaka kuchotsa antchito awo mmaboma ena. Ku Neno mu Januwale 2016 agogo anayi anaphedwa tsiku limodzi powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana, chonsecho lamulo la 1911 lomwe likugwirabe ntchito limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndiwo mlandu. Onjezani anyamata a zipani onyamula zikwanje nthawi ya kampeni. Kwa ine onsewa ndi matenda amodzi, munthu wakhulupirira chinthu mpaka kuona kuti mnzake si munthunso.

Ndipo kunena zoona wapolisi wa mdera kuno kwathu adzakumana ndi za ufiti ndi mphekesera kambirimbiri asanakumane ndi wa ku Cabo Delgado ndi mmodzi yemwe. Zimenezi sizigwa ngati mphenzi, mudzi umayamba wanong'ona sabata yathunthu, pamaliro anthu nkumalozana ndi maso, ndiye wapolisi amene amfumu ali ndi nambala yake amatha kufika nkuchotsa gogoyo miyala isanayambe. Za mikangano ya zipembedzo nazonso timatha kuzikambirana tikafuna, ya hijabu msukulu za mipingo inafika poipa ku Balaka mu 2019 anthu mpaka kuvulazana, koma a Public Affairs Committee anakhazika pansi mbali zonse ndipo mu 2021 anasainirana mgwirizano.

Zonse mukunenazi nzabwino Malume koma apolisi ake ati? Omwewa otilanda njinga za kabaza nkumafuna ya fanta? Ine sindingawauze kanthu. Wakabaza, Lilongwe

Apa ndiye mwandigwira pakhosi, sindikutsutsani. Anthu a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu sanaiwale za Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa ndi gulu la anthu pa Msundwe apolisi ena anapita kukabwezera pa amayi ndi atsikana, ndipo mu 2020 khothi lalikulu linalamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Mudzi woterowo ukamapita nkukawauza kuti apolisi ndi abale anu amangokuyang'ana. Wapolisi aliyense wolandira ya fanta pamsewu akudula mzere womwe tsiku lina ukanabweretsa uthenga wopulumutsa anthu, ndipo akuluakulu a polisi adziwe kuti misonkhano ya mmahotela yokamba za uchigawenga siingakonze zimenezo.

Koma inu akabaza mumaona zambiri kuposa aliyense mtauni muno, mumadziwa amene wanyamula katundu wachilendo usiku ndi komwe mwakamutsitsa. Simukuyenera kukhulupirira polisi yonse, pezani mmodzi, pafupifupi pa sitesheni iliyonse pamakhala amene anthu amati koma uyu yekha ndi munthu, ndipo pa siteji panu mukumudziwa kale. Ngati ameneyonso palibe uzani tcheyamani wa siteji, amfumu a mdera, abusa kapena ashehe akapereke uthengawo dzina lanu osatchulidwa. Za okulandani njinga nkufuna ndalamazo, lembani nambala ya pa yunifolomu, tsiku ndi malo, mukadandaule ku Independent Complaints Commission yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010, kapena ku Anti-Corruption Bureau, ndipo mupite angapo a pa siteji imodzi chifukwa dandaulo la munthu mmodzi limasowa msanga mufayilo.